Dzimbiri lidapulumutsa wailesi ya agogo

M'nyengo yachisanu yapitayi mphwanga, mwana wa achemwali anga amene amakhala ku Mchinji, adafika pakhomo panga m'mamawa atanyamula kamtolo kokulungidwa m'chitenje chakutha. Asadakhale n'komwe pansi adayamba kudandaula. "Amalume, amayi andituma kuti muone ngati chinthu ichi chingalankhulenso. Ine ndayesa kale, n'chakufa. Ogula zitsulo zakutha akuti atipatsa kangachepe, koma amayi akukanitsitsa." Nditamasula chitenjecho ndidapeza wailesi ya agogo athu aamuna, imene ndidaiona komaliza ndili kamnyamata: chitsulo chozungulira ngati sefuliya, cha utoto wabuluu wosupukasupuka, mawaya a batire ali lendee kumbuyo kwake.

"Wayesa bwanji?" ndidamufunsa.

"Ndidatenga batire la sola la kunyumba n'kumagunditsa ku mawaya amenewa, awiriawiri. Sidatulutse ndi kaphokoso komwe."

Ndidangoti kakasi. Batire la sola lili ndi mavolti 12, pamene tinthu tina m'kati mwa wailesiyi tidapangidwa kuti tizilandira mavolti 1.4 basi, ndipo tikalandira ochuluka chotero timapsa m'kuphethira kwa diso, popanda utsi kapena fungo loti munthu n'kudziwa kuti walakwa. Sindidamukalipire mnyamatayo, chifukwa adachita zimene pafupifupi aliyense amachita akatola wailesi yakale: kuyatsa kuti aone ngati ikugwira ntchito.

Inu amene mumatsatira tsamba lino mukudziwa kuti kawirikawiri timakambirana za mijigo, zigayo ndi magetsi adzuwa, zinthu zimene zimadyetsa banja. Lero mundilole ndipatuke pang'ono. M'nyumba zambiri za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mudakali mawailesi a mavalavu amene makolo adabwera nawo kuchokera ku migodi ndi m'matauni, ndipo ambiri mwa iwo safa ndi ukalamba. Amafa pa tsiku limene mdzukulu wachidwi wawatsitsa pamwamba pa kabati.

Wailesi ya agogoyi ili ndi mbiri yake. Kuulutsa mawu ku Lusaka kudayamba m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati. Nkhondoyo itatha, nyumba yamphepoyo idakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Vuto lidali lakuti olankhula adalipo koma omvera adalibe pomvera, pakuti mawailesi a masiku amenewo adali okwera mtengo, komanso ambiri ankafuna magetsi a m'nyumba. Harry Franklin, amene adali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, adavutika kufunafuna kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo, yolimba ndi yoyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain idavomera. Wailesiyo idafika pa msika m'chaka cha 1949 ndi dzina lakuti Saucepan Special, kutanthauza sefuliya, chifukwa cha maonekedwe ake. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake mashilini 25, ndipo batirelo linkatha maola pafupifupi 300. Mabowo ake adawatchinga ndi sefa kuti tizilombo tisalowe.

Atsamunda adali ndi zolinga zawo pofalitsa wailesiyi, zimenezo palibe angakane. Koma anthu adaisandutsa yawo. Ankasonkhana madzulo kumvera nyimbo za Alick Nkhata ndi pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, mmene mwamuna wa ku mgodi ankapereka moni kwa mkazi wake kumudzi. Agogo adagula yawo akugwira ntchito ku Luanshya, ndipo idalankhula pakhonde pawo kufikira pamene adapeza wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre, imene inkangofuna mabatire a tochi. Kuyambira pamenepo sefuliya ija idakwezedwa pamwamba pa kabati.

Kuti timvane bwino za kukonza, tiyambe tadziwa chimene valavu ili. Ndi kabotolo kagalasi kamene mpweya wonse udachotsedwamo. Pakati pake pali kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kamene amisiri amati filamenti. Kawayaka kakatentha kamatulutsa maelekitironi, ndipo iwo amawoloka mpata kupita ku kambale kachitsulo kamene kazungulira, malinga kambaleko kakhale kuti kapatsidwa mavolti ochuluka. Pakati pa kawaya ndi kambale pali tisefa ta waya. Mphamvu yochepetsetsa ikafika pa kasefa imalamulira mphamvu yaikulu yodutsa, monga mmene dzanja la mwana limatsegulira mpopi wa thanki yodzaza madzi. Umu ndi mmene kamphepo kofooka kochokera ku Lusaka kankakulira mpaka kumveka bwalo lonse. John Ambrose Fleming adapanga valavu yoyamba m'chaka cha 1904, Lee de Forest adawonjezamo kasefa m'chaka cha 1906, ndipo mavalavu adalamulira mawailesi mpaka thiranzisita, imene idatulukira m'chaka cha 1947, idawalanda malo.

Apa mwaona kale kuti wailesi yotere imadya zakudya ziwiri zosiyana: mavolti 1.5 otenthetsera mafilamenti ndi mavolti 90 a timbale. Batire lake lakale lidali ndi zonse ziwiri m'bokosi limodzi, n'chifukwa chake mawaya ndi ambiri. Kusokoneza mawaya amenewa ndi kumene kwapha mawailesi ochuluka.

Zilembo za pa galasi zimanena zambiri kwa wodziwa kuziwerenga. Pa mavalavu a ku Ulaya, chilembo choyamba chimanena za filamenti: D ndi wa batire, wa mavolti 1.4, E ndi wa mavolti 6.3, U ndi wa mawailesi ena a magetsi a m'nyumba amene ndiwatchula kutsogoloku. M'wailesi ya batire ya zaka zimenezo mumapezeka mavalavu anayi. Ya DK imalandira siteshoni n'kuisakaniza ndi mafunde amene imapanga yokha, kuti siteshoni iliyonse isanduke mafunde a muyeso umodzi. Ya DF imakuza mafundewo. Ya DAF imasula mawu m'mafundemo. Ya DL ndiyo imakankha sipika. Mukasunga ndondomeko imeneyi m'mutu, mwasunga mapu a wailesi yonse.

Tsiku loyamba sindidalumikize batire lililonse. Ndidatsegula kumbuyo, n'kujambula m'kati ndi foni mbali zonse, kenaka ndidachotsa fumbi ndi kaburashi kouma. Sefa ija idang'ambika kalekale, motero mudali mazira a mphemvu ndi kachisa kadothi ka mavu pakati pa timapepala tachitsulo tosinthira masiteshoni. Timapepala timeneti sitifuna nkhanza. Kamodzi kakapindika n'kukhudza kanzake, wailesi imangoti zii pa mbali imeneyo. Kenaka ndidazula mavalavu imodziimodzi, mogwedeza pang'onopang'ono, n'kulemba malo a iliyonse. Musayerekeze kuwatsuka ndi madzi, chifukwa zilembo zija zimafufutika msanga ndipo mudzatsala ndi timabotolo tinayi tofanana. Chimene muyenera kuyang'ana ndi banga lonyezimira ngati kalilole m'kati mwa galasi. Likakhala lonyezimira kapena lakuda, valavu idakali yotsekeka bwino. Likayera ngati ufa, mpweya udalowa ndipo valavuyo yatha ntchito.

Athu onse anayi adali onyezimira. Chidatsala ndi funso limene linkandisowetsa mtendere: kodi mafilamenti adapulumuka ku batire la sola? Mavalavu a mtundu uwu ali ndi timiyendo 7. Mukaitembenuza valavu n'kuiyang'ana kunsi, muwerenge kuyambira pa mpata waukulu motsata mmene muvi wa wotchi umayendera. Filamenti ili pakati pa mwendo woyamba ndi wa 7. Mita yoyezera magetsi ikaonetsa kuti njira ilipo, filamenti ndi yamoyo. Gwiritsani ntchito mita ya manambala ya masiku ano, chifukwa mamita ena akale a muvi amatulutsa mphamvu yokwanira kuwononga kawaya kosalimba chotere. Ndidayeza yoyamba, njira ilipo. Yachiwiri, chimodzimodzi. Onse anayi adali amoyo.

Mphwanga adandiyang'ana ngati ndamunamiza. Inenso sindidamvetse mpaka nditayeza swichi. Ngakhale itapotokoledwa kuti iyake, mita idaonetsa kuti palibe chodutsa. Zaka zonse zimene wailesiyi idakhala pamwamba pa kabati, dzimbiri lidamanga pa timano ta swichi, kotero kuti mavolti 12 aja adafika pakhomo n'kupeza chitseko chili chotseka. Chikhala kuti mnyamatayo adayamba wathira mafuta pa swichipo, bwenzi tikunena zina. Ndidaitsuka ndi spiriti n'kuipotokola kambirimbiri mpaka idatseguka. Mafuta ophikira, palafini ndi oilo wa galimoto zisayandikire pamenepa, chifukwa zimakoka fumbi n'kusanduka phala.

Batire la wailesiyi lidasiya kupangidwa kalekale, koma kulipanga nokha si kovuta. Mafilamenti amakhuta ndi batire limodzi lalikulu la tochi. Mukafuna kuti akhalitse ikani awiri moyandikana, mutu ku mutu ndi mchira ku mchira, kuti mavolti akhalebe 1.5, mukawaika motsatizana monga m'tochi akhala mavolti 3, ndipo mwaotcha zonse. Mavolti 90 amachokera ku timabatire 10 ta mavolti 9, tija ta makona anayi, tolumikizidwa motsatizana. Dziwani kuti mavolti 90 amaluma, makamaka m'manja muli thukuta. Pa nthawi yoyesa ndimaika rezisita ya ma ohm 1,000 pa waya wa mavolti 90, kuti dzanja likaterereka ngozi ichepe. Ndipo ndimamanga tizikwangwani pa waya uliwonse ndisanalumikize kanthu, nditatsata ndi maso kumene wayawo wathera, osadalira mtundu wake, poti mitundu ya mawaya a zaka 70 idasuluka yonse n'kufanana.

Nditalumikiza mavolti 1.5 okha, mita idaonetsa ma milliamp pafupifupi 250, monga zimayenera kukhalira ndi mavalavu a m'gulu la 91. A m'gulu la 96, amene adabwera pambuyo, amadya theka la pamenepo. Musadabwe mukaona kuti sakuwala. Mavalavu a batire sayaka ngati a m'mawailesi a magetsi, ndipo kufiira kwawo kumaoneka mumdima wokha. Ambiri atayidwa ali amoyo chifukwa chakuti mwini wake sadaone kuwala.

Pa mavolti 90 m'pamene matenda adaonekera. Wailesi yotere imayenera kudya ma milliamp 10 kapena kucheperapo, koma yathu inkadya 26, ndipo sipika idali chete. Ndidazimitsa msanga.

Tsopano ndinene chinthu chimene ndikufuna kuti mutsale nacho, ngakhale zina zonse mutaiwala. Wailesi ya mavalavu ikadwala, anthu amathamangira kuloza chala mavalavu, chifukwa ndi amene amaoneka ndiponso amazuka mosavuta. Koma kawirikawiri mavalavu alibe mlandu. Opalamula ndi tinthu totsika mtengo tobisala kunsi, makamaka makapasita a pepala. Kapasita ya masiku amenewo idali timapepala tiwiri ta chitsulo chopyapyala tolekanitsidwa ndi pepala wamba, topichiridwa ngati ndudu ya fodya, kenaka n'kumatidwa phula kunja. Ntchito yake ndi kulola mawu kudutsa kwinaku ikutsekereza mavolti okhazikika. Koma phula limang'aluka ndi kutentha kwa mwezi wa October, ndipo pepala limamwa chinyezi cha dzinja lililonse. Pakatha madzinja 70, chimene chidali khoma chimasanduka mpanda wa udzu.

Pali kapasita imodzi yoopsa kuposa zonse, imene imanyamula mawu kuchokera ku kambale ka DAF kupita ku kasefa ka DL. Ikayamba kudontha, mavolti a kambale amafika pa kasefa pamene sayenera kufika, ndipo valavu ya DL imatseguka kotheratu ngati mpopi wakutha. Zotsatira zake ndi mawu osasa, batire lotha msanga ndi valavu yokalamba nthawi isanakwane. M'mawailesi a magetsi a m'nyumba thiransifoma ya sipika imatha kupsa kumene, ndipo imeneyo ndi yovuta kuipeza. Kuyeza kwake n'kosavuta: pa kasefa ka DL sipayenera kupezeka mavolti a mbali ya pozitivu. Pa yathu adalipo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa ntchito ino wofunsidwa ndi mita.

Ndidasintha kapasita imeneyo ndi ya pulasitiki ya muyeso womwewo, yopirira mavolti 250, imene ndidaipeza kwa okonza mawailesi a mu msika. Ndidasinthanso makapasita ena onse a phula pamodzi ndi kapasita yaikulu yosalaza mavolti 90. Yaikuluyi ili ndi mutu ndi mchira, ndipo siyenera kutembenuzidwa. Ikauma, wailesi imalira phuphuphu ngati njinga yamoto. Makapasita athyathyathya a mica, amene amakhala pafupi ndi makoilo, ndidawasiya, chifukwa kawirikawiri sawonongeka ndipo kuwasintha kumasokoneza masiteshoni. Sinthani chimodzi, yesani, kenaka china. Mukadula zonse nthawi imodzi n'kusokoneza waya umodzi, simudzadziwa pamene mudalakwira. Ubwino wake ndi wakuti mfundo za m'mawailesi amenewa ndi zikuluzikulu, moti ngakhale chitsulo chowotcherera chotenthetsa pa mbaula chimagwira ntchito bwino lomwe. Zakale zimene mwachotsa musataye. Ikani mu envelopu n'kusunga pamodzi ndi wailesiyo, kuti wodzakonza m'tsogolo adzadziwe zimene zidalimo.

Zitatha izi mita idatsika kufika pa ma milliamp 9, ndipo m'sipika mudayamba kumveka kamphepo kapansipansi. Koma siteshoni ayi, ngakhale imodzi.

Wailesi yosalankhula imafufuzidwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira ku sipika kulowera ku mlongoti. Sipika ndi thiransifoma yake zimayesedwa ndi batire la tochi: mukagunditsa, pamveke kuti thi. Kenaka gunditsani nsonga ya sikuludiraiva pa mwendo wapakati wa chokwezera mawu. M'tauni mumva kulira kwa mmm, kochokera ku mawaya a magetsi a m'nyumba. Kumudzi kopanda magetsi mungomva thi, choncho musaganize kuti chawonongeka. Kuyesa kumeneku ndi kwa mawailesi a batire okha. Yathu idayankha bwino, kusonyeza kuti DAF ndi DL zidali zamoyo. Pa kasefa ka DF padamvekanso kuthetheka. Motero vuto lidatsalira pa DK, valavu yopanga mafunde akeake ija, imene ikaleka kutero wailesi imakhala ngati munthu wamakutu abwino amene watsekeredwa m'chipinda.

Apa m'pamene ndidaphwanya lamulo langa lomwe. Ndidagamula mlandu popanda kufunsa mboni, n'kunena kuti valavu ya DK yafooka. Mavalavu a zokuzira mawu za magitala akupangidwabe m'maiko monga Slovakia ndi China, koma timavalavu ta batire iti tidasiya kupangidwa; timene tilipo ndi totsala m'mabokosi akale, togulitsidwa pa intaneti. Ndidapempha mwana wa mnzanga amene ali ku Britain kuti andigulire, ndipo ndidadikira milungu isanu. Achemwali ankaimba foni Lamulungu lililonse. "Achimwene, kodi yalankhula?" Valavu itafika ndidaiika mwachimwemwe, koma wailesi idangoti zii monga kale.

Ndi manyazi ndidatenga mita n'kuchita zimene ndidayenera kuchita poyamba. Pa mwendo wa DK pamene pamayenera kufika mavolti pafupifupi 60, padali ongopitirira 20. Nditatsata waya ndidapeza rezisita yolembedwa ma ohm 15,000, koma poyeza idaonetsa oposa 70,000. Marezisita akale a kaboni amatero: akamakalamba amakwera, ndipo valavu imafa ndi njala ili yamoyo. Yatsopano ndidaigula pa mtengo wosakwana wa mandasi awiri. Nditabwezeramo valavu yakale ya agogo ija, sipika idadzaza ndi kuthetheka ndi malikhweru a mlengalenga. Muzikumbukiranso kuti valavu ya DK ndiyo imayamba kugona batire la mafilamenti likatsika kufika cha m'ma 1.1, kotero wailesi imene imalankhula pang'ono n'kuleka muyambe mwaiyeza batire musanaitsegule.

Mphwanga, amene adabweranso tsiku limenelo, adaona timasikuluwu pamwamba pa tizitini tiwiri ta m'katimo n'kufunsa ngati angatimange, poti timaoneka tosalimba. Ndidamugwira dzanja. Timeneto si tomangira kanthu. Ndi tochunira mafunde a muyeso umodzi aja, amene m'mawailesi a ku Britain amakhala cha m'ma 465 kapena 470 kHz, ndipo adatichuna ku fakitale ndi makina. Wotipotokola mwachisawawa amagonthetsa wailesi yabwinobwino, ndipo timitima take tikasweka m'kati ndiye kuti ntchito yakula.

Zonse ndanenazi ndi za wailesi ya batire, imene ikakulakwirani imangokulumani chala. Mawailesi a mavalavu olumikiza ku khoma, a Pye, Bush, Philips, Grundig ndi ena, ndi nkhani ina, ndipo pano ndilankhule mosapsatira: angathe kupha munthu. M'kati mwake mumayenda mavolti 250 kapena kuposa, ndipo makapasita ake aakulu amatha kusunga mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa. Oopsa kwambiri ndi aja a mavalavu oyamba ndi U, monga UL41 ndi UY41 a mu Bush DAC90A. Amenewa alibe thiransifoma yolekanitsa wailesi ndi magetsi a m'nyumba, kotero chitsulo chonse cha m'kati chimalumikizika ku waya umodzi wa ku khoma, ndipo mawaya akatembenuzidwa chitsulocho chimakhala ndi mavolti 230. Chopotokola chimodzi chikaguluka n'kusiya kachitsulo poyera, mwana wokhudza ali chilili pa simenti wopanda nsapato ali pa ngozi ya imfa. Wailesi yotere isayatsidwe ili chitsegukire, ndipo amene sadaphunzire za magetsi aipereke kwa mmisiri.

Kwa amisiri anzanga, njira yoyatsira wailesi yotere koyamba ndi kuika babu lakale la filamenti, la mawati 60 kapena 100, motsatizana ndi wailesiyo pa waya wamoto. Zinthu zikakhala bwino babulo limawala pang'ono n'kuzilala. Likawala kwambiri osazilala, m'kati muli chogundana, ndipo babu lamwa mphamvu imene ikadaotcha thiransifoma. Mababu a LED ndi aja osunga magetsi sagwira ntchito imeneyi, choncho mukapeza babu lakale lisungeni ngati chida. Mawaya a labala lofumbutuka asinthidwe musanayatse, makapasita atsopano akhale opirira mavolti 630, aakulu aja akhuthulidwe kudzera mu rezisita musanagwire kanthu, ndipo poyeza dzanja limodzi likhale m'thumba.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, pamene kawailesi ka FM ka pa msika n'kotsika mtengo kuposa timabatire 10 tija. Funsolo ndi loona, ndipo sindinganamize munthu kuti wailesi ya mavalavu ipulumutsa ndalama zake. Koma ndidaona chimene chidachitika kwa mphwanga m'masiku amene tidakhala pa thebulo limodzi. M'foni yake zonse zidabisika m'kachidutswa kakuda kamene kakafa kamangotayidwa, pamene m'sefuliya ya agogo chilichonse chili poyera, chili ndi dzina, chimayezeka ndipo chimasinthika. Mnyamata amene adagunditsa batire la sola mwachimbulimbuli adachoka akudziwa kusiyana kwa mavolti ndi ma milliamp, ndipo nzeru yomweyo ndi imene ikusowa pamene mabatire a sola akufa asanathe chaka m'midzi yathu.

Tidapita nayo ku Mchinji Loweruka lina. Tidamanga waya wa mamita 20 kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa zenera, wina tidaulumikiza ku chitsulo chokhomera m'dothi lonyowa, ndipo ndidawachenjeza kuti nthawi ya mphezi waya wa ku mtengowo uzichotsedwa. Ndidawauziratu achemwali kuti asayembekezere zambiri. Wailesiyi imagwira masiteshoni a shortwave okha, a pakati pa mamita 25 ndi 90, pamene nyumba zamphepo za kwathu kuno zidasamukira ku FM, imene iyo siidziwa n'komwe. Pa 3380 kHz, pamene MBC inkamveka kale, palibenso kanthu. Makina a ku Meyerton ku South Africa, amene ankaulutsa Channel Africa pamodzi ndi mapologalamu ake a Chinyanja, adazimitsidwa mu March chaka cha 2019.

Dzuwa litalowa, nthawi imene mafunde akutali amayenda bwino, anthu adadzaza pakhonde. Ana adayamba kuseka ataona kuti palibe chowala. Mphwanga adapotokola pang'onopang'ono, kudutsa m'malikhweru ndi m'kuthetheka, ndipo cha pa mamita 31 padatuluka mawu a mwamuna wowerenga nkhani m'Chifalansa, akukwera ndi kutsika ngati bwato pa nyanja. Patsogolo pang'ono padali mlaliki wa Chingerezi, kenaka nyimbo ya chinenero chimene palibe adachizindikira.

Achemwali adamvetsera nthawi yaitali ali chete, dzanja lili pa tsaya. Kenaka adati, "Achimwene, mawu ake ndi omwe aja. Nanga Lusaka ali pati?" Ndidawaonetsa mbali imene agogo ankakonda kuimika muvi, ndipo mphwanga adapotokola kufika pamenepo. Padali kamphepo kokhakokha. Adapempha kuti tibwerere kwa Mfalansa uja, ndipo adamumvera mpaka adamaliza nkhani zake, ngakhale sadatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Atatero adadzuka, adazimitsa okha, adazula waya wa batire monga ankachitira agogo, n'kuuza ana kuti wailesi imeneyi iziyatsidwa Lamulungu madzulo basi, ndipo woyatsa akhale mphwanga yekha.